Mlandu Suwola: Kuunika Kanema wa Dead Man's Shoes

Ngakhale kuti makanema a kubwezera ndi ochuluka, ndipo ambiri a iwo anapangidwa ndi chuma chambiri pamodzi ndi zipangizo zapamwamba, ndi owerengeka amene amasautsa mtima wa woonera monga achitira Dead Man's Shoes, kanema wa ku Mangalande amene Shane Meadows anatulutsa m'chaka cha 2004, atalemba nkhani yake pamodzi ndi bwenzi lake la paunyamata, Paddy Considine. Kampani ya Warp Films ya ku Sheffield, imene kufikira nthawi imeneyo inali isanapangepo kanema wamtali, ndiyo inasenza ntchitoyi. Ndipo popeza ndalama zinali zochepa, anajambula zonse m'masabata atatu okha, m'tauni ya Matlock ndi m'mapiri oizinga, m'chigawo cha Derbyshire.

Nkhani yake njosavuta kuilondola. Richard, msilikali amene mbali yake anatenga ndi Considine mwini wake, akubwerera kwawo patapita zaka, ali ndi mlandu umodzi pamtima: kuti m'masiku amene iye anali kutali, kagulu ka ogulitsa mankhwala ozunguza bongo, kotsogozedwa ndi munthu wotchedwa Sonny, kanasandutsa mng'ono wake Anthony, mnyamata wobadwa ndi nzeru zochedwa, kukhala choseweretsa chawo. Sathamangira kukhetsa mwazi. Ayamba wazungulira monga fisi azungulira khola, kuima mumdima atavala chigoba cha asilikali chodzitchinjirizira ku mpweya wapoizoni, kulowa m'nyumba zawo iwo ali mtulo, kuwabera katundu ndi kuwapaka utoto, kuti podzuka adziwe kuti amene anatha kuwalocha nkhope akanathanso kuwadula khosi. Apa ndipo pagona kuopsa kwa kanemayu, pakuti palibe mfiti kapena chilombo, koma munthu wamba amene mantha anamuthera.

Chimene ine ndichiyesa nzeru yoposa zonse ya Meadows ndicho maonekedwe a adaniwo. Sanawapange kukhala zigawenga zoopsa ayi, koma anthu opepera, amantha, okangana pa zinthu zachabe, amene akamapita kukasaka mdani wawo amapanikizana onse m'kagalimoto kakang'ono ka Citroën 2CV. Kotero kuti woonera, asanadziwe chimene chikumuchitikira, apezeka akuseka nawo, mwinanso kuwamvera chisoni. Koma pamene kuseka kukali pakamwa, zithunzi zopanda mtundu, zokumbutsa za kale, zimatulukira pang'onopang'ono kusonyeza zimene anthu omwewa anachitira Anthony: kumunyoza, kumuopseza, kumumwetsa mankhwala, ndipo iye, pofuna kukondedwa, n'kumamwetulira. Toby Kebbell, amene uyu anali kanema wake woyamba, anasewera mbali imeneyi mofatsa kwambiri, mwakuti chifundo chimabwera chokha popanda kuchipempha. Pamenepo kuseka kuja kumasanduka manyazi, pakuti tizindikira kuti nkhanza zazikulu sizifuna anthu amphamvu. Zimangofuna gulu, mowa, ndi munthu mmodzi wosatha kudziteteza.

Gary Stretch, amene kale anali katswiri wankhonya, ndiye Sonny, ndipo pamene iye akumana ndi Richard maso ndi maso pamsewu, masana dzuwa likuwala, wamkulu thupi ndiye amene mawu amuthera.

Akuluakulu anati mlandu suwola, ndipo kanemayu avomereza. Koma afunsanso kuti mlanduwo ngwa yani. Pakuti pamene Richard afika kwa munthu wotsiriza, Mark, amene anachoka m'gulumo, nakwatira, nabala ana, ndipo tchimo lake lalikulu linali kuonerera osaletsa, nkhani imatembenuka pamabwinja a Riber Castle, ndipo zimaululika kuti wobwezerayo naye sali woyera m'manja, popeza iyenso ankachita manyazi ndi mbale wakeyo, namusiya wopanda womuyang'anira. Funso lakale la Kaini, lokhudza kusunga mbale, limugwera iye molemera kuposa onse amene wawapha. Pali chinsinsi china chokhudza Anthony, chimene sindichiulula pano, pakuti kungakhale kulanda owerenga chimene chili chawo.

Zofooka zilipo, ndipo sitizibisa. M'tauni yonseyo apolisi saoneka, ngati kuti anthu angathe kuphedwa masiku otsatizana popanda wofunsa. Akazi apatsidwa malo ochepa zedi. Ndipo Richard amalowa ndi kutuluka paliponse mosavuta kwambiri, mwakuti nthawi zina munthu amakayika ngati akuona msilikali kapena mzukwa. Chingerezi chake nachonso ncha anthu wamba a pakati pa Mangalande, chothamanga ndi chodzala matukwano, kotero kuti amene anazolowera cha m'mabuku adzathandizidwa ndi mawu olembedwa m'munsi.

Kanemayu anasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto ya BAFTA ya kanema wopambana wa ku Britain, ndipo patapita zaka 2 Meadows anatulutsa This Is England, kanema amene anatchukitsa dzina lake kutali. Komabe kwa ine Dead Man's Shoes ndiye ntchito yake yolasa mtima koposa. Ngwa mphindi pafupifupi 90, ndipo ku Britain analoledwa kwa anthu a zaka 18 kapena kuposerapo. Choncho inu amene mufuna kumuonera, yambani mwagoneka ana.