Akuba Ana Athu Masana ku Chadiza

Tikamva za umbanda pasukulu, ambirife timaganiza za mbala yothyola zenera usiku n'kunyamula madesiki ndi mabuku. Zoterezi zimachitikadi, ndipo makolo amasonkha ndalama kuti alembe mlonda. Koma kuno ku Chadiza, m'midzi ya mafumu Mlolo, Zingalume ndi Mwangala, chuma chenicheni cha sukulu chimabedwa dzuwa likuswa mtengo: mtsikana wa giredi 7 wokwatiwitsidwa, ndi mnyamata wotumidwa kukaweta ng'ombe za mwini kuti patapita zaka adzalandire thole limodzi. Mlonda ndi chibonga chake sangagwire akuba otere, pakuti kawirikawiri ndife tomwe makolo ndi atsibweni.

Malamulo sakusowa ayi. Kuyambira 1997 mtsikana amene watenga pathupi amaloledwa kubwerera m'kalasi akabereka. Lamulo la maphunziro la 2011 lidaika pa mlandu aliyense wokwatira kapena wokwatiwitsa mwana wa sukulu, ndipo la maukwati la 2023 lidatseka khomo lomwe tinkathawirako: ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 si ukwati, ngakhale ankhoswe atamanga mwa mwambo. Apolisi nawonso ali ndi nthambi yothandiza ozunzidwa, ya Victim Support Unit, imene lamulo la 1999 lidakhazikitsa, komanso nthambi yoyendera masukulu kukacheza ndi ana za chamba, mowa ndi kugwiriridwa. Mwana angathenso kuimba nambala ya 116 kwaulere.

Nanga chikuvuta n'chiyani? Wapolisi sangatsate mlandu umene sadaumve. Boma lili kutali, njinga njobwereka, ndipo tidakula tikuopsezedwa kuti tikachita mwano atiitanira apolisi. Lero tikudabwa kuti mwana akaona yunifolomu pabwalo la sukulu amauma pakamwa. Choipa koposa ndi chizolowezi chathu chothetsa mlandu wa kugwirira mwana pansi pa mtengo, wolakwa n'kulipa mbuzi ziwiri, mwana n'kutsala ndi chilonda chake. Akuluakulu akukumbukira za kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene zigawenga za Renamo zinkaoloka malire kuchokera ku Mozambique. Nthawi imeneyo munthu akaona mapazi achilendo kudambo ankathamanga kukanena. Mapazi a lero timawadziwa mwini wake, n'chifukwa chake tili chete.

Ife Akatolika tili ndi chida chimene apolisi alibe: miphakati yathu, imene imadziwa khomo lililonse ndi mwana aliyense. Mphunzitsi akaona kuti mwana wajomba masabata awiri, auze atsogoleri a mphakati, ndipo awiri a iwo, bambo ndi mayi, apite kukalonjera banjalo, osati ngati oweruza. Ngati vuto ndi nsapato kapena makope, thumba la mphakati lingathandize, popeza fizi idachotsedwa mu 2022. Akapeza kuti chimalo chalandiridwa kale, adziwitse anyakwawa, ndipo tsiku lomwelo mmodzi aperekeze mwanayo kupolisi.