Kawaya kamene kamaimitsa basi yonse

Aliyense amene amakwela basi za mu Lusaka anamvapo phokoso ili. Dalaiva apotoza kiyi, kunsi kungomveka "tha!" kamodzi, kenako zii. Apotozanso. "Tha!" Kondakita atsika osakamba kanthu, asolola wheel spanner pansi pa mpando, agwada m'mbali mwa basi, amenya kacitsulo kena kawili katatu, n'kukuwa kuti, "Yesani manje!" Injini ilila. Amayi a kumpando wakumbuyo aseka, wina ati kondakita ali na mankhwala, ulendo upitiliza.

Palibe mankhwala apo. Cimene kondakita wamenya ndi starter, ndipo zimene wadzutsa mkati mwake ndi mabulashi anayi, tuzidutswa twakuda tosaposa nsonga ya cala. Ena amangoti makala. Bulashi iliyonse ili ndi kawaya kake ka mkuwa, koluka ngati tsitsi la mwana wa sukulu. Bulashi ikatha, kapena kawaya kameneka kakaduka, anthu onse m'basi acedwa ku nchito, ngakhale injini ili bwino ndipo dizilo ili full.

Nkhani yake ili tele. Mkati mwa mota iliyonse ya mtundu uwu muli mbali imene imazungulila, yochedwa armature, ndipo imafuna magetsi kuti izungulile. Koma simungamange waya ku cinthu cozungulila, angapotoke n'kuduka nthawi yomweyo. Conco ku mapeto a armature anaikako mphete ya tuzidutswa twa mkuwa, commutator, ndipo mabulashi amakhudza mpheteyo uku ikuzungulila. Sipuling'i imakankha bulashi kuti isasiye kukhudza. Kawaya koluka kaja ndiko kamabweletsa magetsi ku bulashi. Azungu amakachula pigtail cifukwa kamapindika ngati mcila wa nkhumba. Ku fakitale amaboola bulashi, alowetsamo kawayako, n'kutsendela ufa wa mkuwa mpaka kagwile zolimba. Mbali inayo imathela pa kacitsulo komangila: kena ka bowo la sikuluwu, kena kaphwatalala kongosomeka, kena amacita kuwotchelela.

Dzina lakuti bulashi linacokela kale, pamene amisili anali kugwilitsila nchito mitolo ya tumawaya twa mkuwa tooneka ngati bulashi yeniyeni. Mkuwa pa mkuwa unali kuthetheka moto ndi kudya commutator. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1880, pamene sitima za magetsi za m'misewu zinayamba kufala ku America, anasinthila ku carbon. Graphite imene ili m'mabulashi ndi imodzimodzi ndi ija ili m'pensulo: ndi yofewa, imatelela, ndipo imalola magetsi kupita. Anaipanga dala kuti izitha iyo, mkuwa wodula utsale. Conco bulashi ikatha sikuti mota yafa. Yangomaliza nchito imene anaipangila.

Starter ndiyo imazunza mabulashi koposa. Kuti izungulitse injini ya dizilo yozizila m'mawa wa mu June, imakoka ma amp mahandiledi angapo kwa masekondi ocepa cabe. Ndiye cifukwa cake mabulashi ake amakhala okhuthala ndi ofiililako, muli mkuwa wambili wosakaniza ndi graphite. Magetsi onsewo amadutsa m'tumawaya tuja. Tiyelekeze kuti theka la tunsambo twa m'kati taduka cifukwa ca kugwedezeka kwa mu msewu wa ku Kanyama. Tumene twatsala tumanyamula katundu wa onse, tupsa, tuda, tuyamba kuthothoka, mpaka tsiku lina kutsale kamodzi. Cimodzimodzi ngati pomangila pamasuka kapena pacita dzimbili. Malo othina amatentha, malo otentha amamasuka kwambili, ndipo vuto limadzidyetsa lokha.

Nanga kumenya kuja kumathandiza bwanji? Bulashi ikafupika, sipuling'i imakhala yafika pothela mphamvu yake, ndipo fumbi la makala limadzaza m'kanyumba mmene bulashi iyenela kuyenda. Kugogoda kumaigwedeza, ikhudzenso mkuwa, injini ilile. Lelo zatheka, mawa zatheka, koma tsiku lililonse bulashi yosakhudza bwino imathetheka moto ndi kusiya zipsela pa commutator. Ndiponso ma starter ena a masiku ano ali ndi maginito m'kati, ndipo maginito sagwilizana ndi hamala. Ikang'aluka, nkhani ya mabulashi yatha, mugule starter yonse. Tikambenso cilungamo: "tha!" uja nthawi zina ndi solenoid, kapena mitu ya batili yamela zoyela-yela. Wa magetsi a motoka wodziwa nchito amayamba wayang'ana zimenezo asanamasule kanthu.

Inu amene mumakwelela pa Kulima Tower, City Market, Lumumba kapena Millennium, munaonapo basi imene injini yake siizima kucokela pamene yalowa pa mzele mpaka kudzaza. Si nthawi zonse pamene dalaiva afuna kukunamizani kuti inyamuka manje-manje. Ena amaopa kuti akazima siilanso. Dizilo ikupsa pacabe, utsi ukulowa pa windo, mwana ali pa msana akutsokomola, ndipo madzulo cashing ya bwana iyenela kukwana ndithu. Dalaiva wotele amadziwa malo onse otsetseleka pa route yake, ndipo usiku amaimika basi mphuno italoza kumunsi. Ikakhala ya automatic, ngakhale mzele wa anyamata okankha suthandiza. Ku fitness amaona mabuleki, matayala ndi malaiti. Palibe amene amatsegula starter, conco vuto ili limayenda ndi mapepala onse ali bwino.

Mnzake wa starter ndi alternator, imene imabwezela moto mu batili. Iyi ili ndi mabulashi awili cabe, owonda, okhudza mphete ziwili zosalala. Amanyamula ma amp ocepa, koma sapuma: injini ikalila, iwo ali pa nchito. Akayamba kutha, kanyali kofiila ka batili pa dashboard kamayamba kuphethila, malaiti akutsogolo afooka basi ikaima pa maloboti, wailesi izima yokha. Kambili dalaiva amathamangila kukagula batili yatsopano, ndipo pakapita masiku ocepa nayonso yagona, cifukwa palibe cimene cikuicaja. Kupima n'kosavuta. Injini ili kulila, mita pa mitu ya batili ya Hiace iyenela kuonetsa pafupifupi 14 volts. Pa Rosa, imene ili ndi mabatili awili, muyembekezele pafupifupi 28. Mukaona 12 kapena 24, alternator siikupeleka kanthu. Pa ma alternator ambili a Toyota, kanyumba ka mabulashi kamacoka konse mukamasula tumasikuluwu tuwili kumbuyo. Palinso cina cimene eni Hiace zakale za dizilo ayenela kudziwa: pampu yothandiza mabuleki imakhala pa alternator ndipo imayendela oilo. Seal yake ikatha, oilo amalowa mpaka ku mabulashi, asakanizika ndi fumbi la makala kukhala phala lakuda, ndipo mabulashi amamatila. Mukasintha mabulashi n'kusiya seal, mudzabwelanso.

Anthu ambili amene sanagwilepo spanner anaphunzila liu lakuti bulashi mu 2024. Mvula itakana, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika, ZESCO inayamba kuzima malaiti maola 8 pa tsiku, ndipo caka cisanathe madela ena anali kukhala mu mdima maola 21. Ometa tsitsi, a masaluni, a mabuchala ndi owotchelela zitsulo anathamangila ma genset. Makina amene anapangidwa kuti azithandiza mwa apo ndi apo anayamba kugwila nchito tsiku lonse. Genset wamba imazungulila maulendo 3,000 pa mphindi kuti ipeleke magetsi a 50 hertz amene zinthu zathu zimafuna. Pa maola 8 ndiye kuti mphete zapukuta mabulashi maulendo 1,440,000. Celengani mwezi wonse.

Cizindikilo cake n'cosokoneza: injini ilila bwino-bwino, mafuta akupita, koma pa soketi palibe kanthu. Mwini barbershop amaganiza kuti koilo yapsa, ndipo pali amisili ena amene sangamutsutse, cifukwa kukulunganso koilo kuli ndi ndalama. Koma mukacotsa civundikilo cozungulila ca kumbuyo, mupeza kanyumba kakuda ka mabulashi awili, komangidwa ndi bauti imodzi, ndi mawaya awili ocokela ku kabokosi kochedwa AVR. Mawaya amenewa amangosomekedwa, ndipo genset imanjenjemela tsiku lonse. Nthawi zina mabulashi ali bwino, kacitsulo kosomekela ndiko kayasama. Kukafinya pang'ono ndi pulayala n'kukabwezela, malaiti abwela. Cenjezo ndi lakuti waya wina ndi wa + ndipo wina ndi wa -, ndiye mukasinthanitsa mungaononge AVR. Jambulani ndi foni musanazule ciliconse. Injini ikhale yozima, kapu ya pulagi yocotsa. Tumagenset tung'ono tuja twa petulo wosakaniza ndi oilo, twambili tulibe mabulashi, tumayendela capacitor, conco wina akakuuzani kuti wasinthamo mabulashi, mupempheni akuonetseni akale. Ndipo popeza takamba za genset: isalile m'nyumba kapena m'shopu yotseka, ngakhale muope akawalala bwanji. Mpweya wake wakupha ulibe fungo.

M'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga, kumene anyamata amapanga mageti ndi mafulemu a zitseko, grinder ndi drill ndizo zimadya mabulashi. Grinder yaing'ono imazungulila maulendo oposa 10,000 pa mphindi, mu fumbi la citsulo. Ikayamba kulavula moto wa buluu pa tumazenela twa kumbuyo, kununkha kupsa, kapena kulila modukiza, nthawi yakwana. Apa ndi pamene nzelu za m'komboni zimalowa. Wina amaswa batili yakale ya toci, acotsa kamtengo kakuda ka pakati, akapala pa simenti mpaka kalowe m'kanyumba, grinder iyambanso. Ine nzelu zotele ndimazilemekeza, cifukwa geti ya kasitomala iyenela kutha lelo. Koma kamtengo kaja n'kouma kuposa bulashi yeniyeni, kamapala mkuwa, ndiponso kalibe pigtail. Ndiye magetsi onse amadutsa mu sipuling'i. Sipuling'i ndi ya citsulo, siinapangidwile zimenezo: imatentha, ifewa, isiya kukankha, moto uculuka, ndipo cotsatila ndi armature yakupsa. Mwapulumutsa tsiku limodzi, mwagulitsa grinder.

Pogula, kaya m'masitolo a spare m'tauni kapena pa tebulo ku Soweto, nyamulani bulashi yakale m'thumba. Kukula kwake kufanane ndendende, cifukwa yothina imamatila ndipo yomasuka imavina. Utali wa kawaya nawonso ufanane: kafupi kamagwila bulashi isanathe n'kuiletsa kutsika, katali kangakhudze thupi la mota. Kokani kawayako pang'ono ndi zala. Kakagwedela m'bulashi, bwezani. Mukakhala ndi kamaginito, kayandikizeni: mkuwa weniweni sukokedwa, koma citsulo copaka mtundu wa mkuwa cimakakamila. Cimaseketsa n'cakuti dziko lino limakumba mkuwa, ndipo ZAMEFA ku Luanshya imapanga mawaya, koma kawaya aka kamatipeza kali m'kapaketi kocokela kunja, ndipo ndife tiyenela kukayesa ndi maginito. Bulashi ya grinder musaike mu starter ngakhale mutaipala kuti ikwane, cifukwa zosakaniza zake n'zosiyana. Ndipo amasintha onse pamodzi, awili kapena anayi, osati imodzi imene yaoneka yaifupi.

Poika, yang'anani manja a mmisili. Ngati akulumikiza ndi solder, ayenela kugwila kawayako ndi pulayala pafupi ndi polumikiza. Akapanda kutelo, mtovu wosungunuka umakwela m'tunsambo ngati palafini mu nthambo ya koloboi, kawaya kauma gwa, ndipo kawaya kouma sikalola bulashi kuyenda, kamathyoka pakapita milungu. Commutator aipukute ndi sandpaper yosalala, osati emery, cifukwa tumcenga twa emery tumatsalila pakati pa mkuwa n'kuyambitsa short. Fumbi la m'mipata alicotse. Girisi kapena oilo asafike pamenepo. Akamanga, mota ya grinder kapena genset iyambe yalila kwa mphindi zingapo yopanda katundu, kuti nkhope ya bulashi itenge maonekedwe a mphete.

Kwa eni mabasi, funso lofunsa pa galaji ndi lalifupi: "Mwatsegula?" Starter yonse, ngakhale ya salaula yocokela ku Japan, imadula kutali-tali kuposa paketi ya mabulashi, ndipo ya salaulayo imabwela ndi mabulashi amene anayenda kale zaka zake. Nthawi zina starter imakhaladi itatha, commutator itadyeka mpaka kukumbika, ndipo pamenepo kugula ina n'koyenela. Koma zimenezo zimaoneka ndi maso starter ikakhala pa benchi, mabauti awili atali atacotsedwa. Akasintha, pemphani zakalezo azikulunge m'pepala mupite nazo.