Ma Sit-up ndi Plank: Kupinda Msana Kapena Kuuma Ngati Thabwa?

Kuseri kwa nyumba zambiri ku Ndirande, ku Kawale ngakhale ku Chibavi kumapezeka kajimu ka anyamata: chitsulo chopingasa, zitini ziwiri zothira simenti kunsonga zake, benchi ya matabwa ndi chiguduli choyala pansi. Akatha kunyamula zitsulo, ntchito yotsekera tsiku imakhala imodzimodzi. Wina amagona chagada, mnzake n'kumupondera mapazi, kuwerenga n'kuyamba: 48, 49, 50. Onsewo akusaka chinthu chimodzi, timabokosi tija ta pamimba timene amati sikisi paki.

Masiku ano ma sit-up amenewa apeza wopikisana nawo. Aphunzitsi a pa YouTube ndi TikTok akuti lekani zodzuka ndi kugona, tembenukani chafufumimba, tsamirani zigongono ndi zala za kumapazi, muume ngati thabwa. Imeneyo ndiyo plank. Ine ndachitapo zonse ziwiri kwa zaka, ndipo ndimaona kuti mkangano wake umasokonekera chifukwa anthu amaphatikiza nkhani zitatu zosiyana: kulimba kwa mimba, chitetezo cha msana ndi maonekedwe.

Tiyambe taona chimene chili pansi pa khungu. Mnofu wakutsogolo, umene madokotala amautcha rectus abdominis, umachokera ku fupa la m'munsi mwa mchombo kukafika kunthiti. Ndi wautali, wogawika pakati, ndipo timitsempha topingasa timauduladula ngati mfundo za nzimbe. Mfundo zimenezi ndizo zimapanga timabokosi. Anthu ambiri ali nazo zitatu mbali iliyonse, ena zocheperapo, ena zosalingana kumanja ndi kumanzere. Zimenezi n'zobadwa nazo, palibe masewera amene angawonjezere mfundo ina. M'mbali muli minofu iwiri yosanjikizana, ma oblique. Wakunja umatsetsereka chakutsogolo monga dzanja lolowa m'thumba la thalauza, wamkati umadutsana nawo, ndipo iwiriyo imalukana ngati nsungwi za lichero. Pansi pa yonseyi pali wina wozungulira thupi ngati chitenje chomanga m'chiuno.

Ubwino wa sit-up ndi wosabisika. Mnofu umakula ukamafupika ndi kutalika uli ndi katundu, ndipo sit-up imaufupikitsadi mnofu wakutsogolo uja. Ndi yosavutanso kuwerenga: dzana 30, lero 35, mtima n'kukhala pansi kuti zikuyenda. Koma yang'anitsitsani mnyamata wa pachiguduli uja. Mimba yake imagwira ntchito yeniyeni poyamba penipeni, pamene mapewa akuchoka pansi. Kuchokera apo kufikira atakhala tsonga, amene akukoka kwambiri ndi minofu yopinda ntchafu, makamaka umene umatchedwa psoas. Mnofu umenewu unamangirira ku mafupa a msana wam'munsi, ndiye ukamakoka umawapanikiza. Mnzake wopondera mapazi uja, mosadziwa, ndiye akuupatsa pogwira kuti ukoke mwamphamvu. Onjezani manja opingirana kunkhongo amene amakoka khosi mphamvu zikatha, mumvetsa chifukwa chake ambiri amadzuka pachiguduli akusisita msana osati mimba.

Munthu amene anafufuza zimenezi mozama ndi Stuart McGill, yemwe anaphunzitsa za msana kwa zaka zoposa 30 pa University of Waterloo ku Canada. Iye anapeza kuti sit-up imodzi imapanikiza msana wam'munsi ndi mphamvu ya ma newton pafupifupi 3,300, kutanthauza kulemera koposa matumba 6 a chimanga a makilogalamu 50. Msana wabwinobwino umatha kupirira zimenezo. Nkhawa yake inali pa kubwereza: timapilo ta pakati pa mafupa a msana tikamapindidwa kambirimbiri tili topanikizika, timayamba kufooka, monga waya amene mukumupindapinda pamalo amodzi. Asilikali a ku America, amene kwa zaka zambiri ankayesa mphamvu za munthu powerenga ma sit-up a m'mphindi ziwiri, anasintha. Apamadzi anayamba kuyesa ndi plank mu 2021, apamtunda anatsatira mu 2022.

Pamenepa tisathamangire kuweruza. Mbali yaikulu ya kafukufuku wa timapilo tija inachitikira pa misana ya nkhumba zakufa, ndipo mu 2011 akatswiri ena awiri, Bret Contreras ndi Brad Schoenfeld, analemba kuti msana wa munthu wamoyo umapuma, umadzikonza, choncho kupinda pang'ono mwadongosolo si mlandu. Ndikuona kuti ali ndi mfundo. Msana unalengedwa kuti uzipinda. Tikamapalira kapena kutola chinthu pansi timaupinda tsiku ndi tsiku. Chimene ndimakana ine ndi ma sit-up 200 othamanga, pasimenti, m'mamawa munthu atangodzuka, nthawi imene timapilo tija timakhala titafufuma ndi madzi a usiku.

Plank imayendera nzeru ina. Imati ntchito yaikulu ya mimba pamoyo wa munthu si kupinda thupi koma kuliletsa kupinda. Kuti mumvetse zimenezi simufunika jimu, pitani pamjigo. Mayi akasenza ndowa ya malita 20, makilogalamu 20 amenewo ali pamutu pake, njira ndi yokumbikakumbika, mwinanso kumsana kuli mwana. Palibe pamene akupinda mimba, koma minofu yonse inayi ija yagwirana kuti chiuno chisagwedere ndipo madzi asatayike. Wonyamula chigubu chodzaza kudzanja limodzi n'chimodzimodzi: ma oblique a mbali inayo ndiwo akumukokera kuti asapendekeke. Wopalasa bwato, wosinja pamtondo, wakabaza wokwera chitunda ali ndi munthu kumbuyo, onsewa mphamvu ya miyendo ndi manja awo imadutsa pamimba youma. Mimba ikakhala lobodo, mphamvuyo imatayikira panjira.

Pankhani ya m'mbali ndiye plank yapambana kutalitali. Sit-up yawamba imangoyenda kutsogolo ndi kumbuyo, ma oblique amangothandizira pang'ono. Koma gonani chammbali, tsamirani chigongono chimodzi, kwezani chiuno kuti thupi liwongoke kuyambira kuphewa mpaka kuchidendene. Musanafike masekondi 20 mumva nthiti zam'munsi zikuyaka, komabe msana uli phee pamalo ake. N'chifukwa chake McGill anaika plank yam'mbali pa masewera atatu amene amapatsa odwala msana. Awiri enawo ndi kugwada ngati mwana wokwawa n'kutambasula dzanja limodzi ndi mwendo wa mbali ina, komanso kadzukidwe kakafupi kongonyamula mutu ndi mapewa, bondo limodzi lili lopinda, manja ali pansi pa msana.

Nayo plank ili ndi pake pofooka, ndipo oikonda satchula kawirikawiri. Thupi limaizolowera msanga. Munthu akafika poima mphindi ziwiri bwinobwino, kuwonjezera nthawi kumangophunzitsa kupirira, mnofu sukulanso kwenikweni. Mu 2020 George Hood wa ku America, ali ndi zaka 62, anaima pa plank maola 8 ndi mphindi 15, ndipo mu 2023 Josef Šálek wa ku Czech Republic anafika maola 9 ndi mphindi 38. Ndi kupirira kodabwitsa, koma si njira yokulitsira timabokosi. Chinanso, plank yotopa imanyenga. Chiuno chimagwa, msana umalowa m'kati, munthu n'kumangolendewera pa mafupa uku akuyang'ana wotchi. McGill mwiniwake amalangiza kuuma kwa masekondi pafupifupi 10, kupuma pang'ono, n'kubwereza kangapo. Yesani motero, mutafinya matako ndi kukokera zigongono chakumapazi ngati mukufuna kukwinya mphasa. Masekondi 10 amenewo amawawa kuposa mphindi yathunthu yolendewera.

Tsono tafika pa chimene anyamata aja akufunadi, maonekedwe. Apa zonse ziwiri zimagonja mofanana. Mu 1984 Frank Katch ndi anzake pa University of Massachusetts anachititsa amuna 13 ma sit-up oposa 5,000 aliyense m'masiku 27. Atayeza mafuta, anapeza kuti a pamimba sanachepe kuposa a kumsana kapena a m'matako. Mu 2011 ofufuza ena ku Illinois anayesanso: masabata 6 a masewera a pamimba, masiku 5 pasabata, chakudya osasintha. Anthuwo analimba mimba, koma mafuta anatsala pomwepo. Thupi likafuna mphamvu limatapa mafuta ponseponse kudzera m'magazi, silitapa pamalo pamene pakuwawa. Kwa amuna ambiri, a pamimba ndiwo amatsalira kuchoka.

N'chifukwa chake mnyamata woumba njerwa kapena wokweza matumba m'malole amavula shati timabokosi tili mbee, chonsecho sanachitepo sit-up chibadwire, pamene bambo wa muofesi amene amachita 100 tsiku lililonse sakuona kanthu. Mnofu ali nawo, mwinanso wolimba, koma wafundidwa. Chaufunda ndi mitanda itatu ya nsima usiku munthu atakhala pampando tsiku lonse, masupuni anayi a shuga mu tiyi, mandasi, chipisi cha pachiwaya, zoziziritsa kukhosi ndi mowa wa Lachisanu. Sindikuti nsima ndi mdani, yatilera tonse. Ndikuti mbale ya wolima ndi mbale ya wokhala pakompyuta siziyenera kufanana. Chepetsani mtanda umodzi, chulukitsani ndiwo zamasamba, nyemba, usipa ndi mazira, yendani mwandawala kapena thamangani. Malamba otulutsa thukuta ndi matiyi amene akuti amaphwetsa mimba amangochotsa madzi, amene amabwerera mukangomwa kapu imodzi. Kupendekera uku ndi uku mutanyamula chitsulo cholemera nakonso sikuchepetsa chiuno.

Pali nkhani ina yoposa kukongola. Kwathu kuno mimba yotuluka tinkaiwerenga ngati chizindikiro chakuti munthu wapeza bwino. Koma mafuta ounjikana m'kati mwa mimba amayendera limodzi ndi shuga komanso kuthamanga kwa magazi. Tengani tepi ya telala, muyeze pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno. Muyeso umenewo usafike theka la kutalika kwanu: wa masentimita 170 akhale pansi pa 85. Nambala imeneyi imandiuza zambiri kuposa galasi.

Mukandifunsa kuti ndisankhe chimodzi, ndisankha plank, makamaka yam'mbali, chifukwa imalimbitsa lichero lonse lija popanda kulipiritsa msana. Sit-up yathunthu yopondera mapazi ndinaisiya ndipo sindikuisowa. Koma kupinda sindinakutaye. Wofuna kuti timabokosi tikule awonjezere kadzukidwe kakafupi kaja, pang'onopang'ono, maulendo 10 mpaka 15, ndipo kakayamba kupepuka agwire njerwa pachifuwa m'malo mothamangira 100. Katatu pasabata n'kokwanira, pakuti mnofu umakula pa tsiku lopuma.

Amayi amene mwangobereka kumene, mbali ziwiri za mnofu wakutsogolo uja zimatha kutalikirana pakati panthawi ya pathupi, choncho kafunseni kuchipatala musanayambe chilichonse mwa ziwirizi. Inunso amene muli ndi chotupa cha pamchombo kapena m'mphechepeche, kapena ululu wa msana wotsikira kumwendo, yambani mwaonana ndi dokotala. Amene muli ndi BP, musamagwire mpweya pa plank, muzipuma monga mwa nthawi zonse. Ena nonse, yalani mphasa mawa madzulo, muyambe ndi masekondi 10 mbali iliyonse, ndipo muyeso wa m'chiuno muulembe pakalendala kuti mudzauyerekeze pakatha miyezi itatu.