Malupanga a ku Japan ndi Makasu a Makolo

Munthu akaima pa Shimabala, m'mbali mwa mseu waukulu wocokera ku Lusaka, sipapita nthawi yaitali asanaone lole yodzaza ndi zitsulo zakutha iri kutsetsereka kulinga ku Kafue. M'menemo muli mapulawo othyoka, malata akale, migolo yobooka ndi zigoba za magalimoto. Zambiri zimakathera m'ng'anjo za fakitale ya Kafue Steel, kumene zimasungunulidwa ndi kusanduka nsimbi zomangira nyumba. Malonda amenewa ngabwino, pakuti acotsa zinyalala m'midzi, ndipo anyamata ambiri apezerapo ndalama ya sopo ndi mcere. Koma sikelo ya wogula imangodziwa kulemera. Siitha kusiyanitsa khasu la m'sitolo ndi khasu limene linasulidwa pa cipala azungu asanafike m'dziko muno.

Ku Japan, kumene kumacokera magalimoto ambiri oyenda pa mseu womwewu, citsulo cakale amacipatsa ulemu wonga wa mfumu. Mu mzinda wa Tokyo muli nyumba yosungiramo malupanga ndi zokongoletsa zake, yochedwa Japanese Sword Museum. Inatsegulidwa m'caka ca 1968, ndipo mu 2018 inasamukira ku dera la Sumida. Anthu amalipira pakhomo kuti akaimirire cete patsogolo pa galasi, kuyang'ana lupanga limodzi. Lupangalo amaligoneka lopanda cigwiriro, nyali iri kuliwalira, ndipo woona amawerama pang'ono ndi kusuntha mutu kufikira kuwala kutagwera pa mzere woyera wonga mtambo umene umayenda m'mbali mwa kuthwa kwake. Mzere umenewo dzina lake ndi hamon, ndipo odziwa amazindikira nao amene anasula ndi nthawi imene anasulira, monga momwe mlimi amazindikirira ng'ombe yake pakati pa gulu. Malupanga ena a mmisiri Masamune, amene anali kusula ku Kamakura zaka 700 zapitazo, boma linawaika m'gulu la cuma ca dziko lonse. Amene apatsidwa mwai wogwira lupanga lotere amayamba waliweramira, salikhudza ndi cala, ndipo salankhula pamwamba pake kuopa kuti malobvu angaliyambitsire dzimbiri.

Nkhalamba iri yonse ya ku Cipata kapena ku Katete imene inamvapo za ng'anjo ingathe kutsata bwino kapangidwe ka citsulo cimeneci. Ng'anjo ya Ajapani, yochedwa tatara, amaiumba ndi dothi. Ina iri ku Okuizumo, m'cigawo ca Shimane. Inatsitsimutsidwa mu 1977 ndipo imayatsidwa m'nyengo yozizira. Amisiri amathiramo mcenga wakuda wa citsulo ndi makala mosinthanitsa kwa masiku atatu, usana ndi usiku, osagona tulo tokwanira. Matani 10 a mcenga ndi matani 12 a makala amabala cimtanda ca matani awiri ndi theka, ndipo kuti aciturutse amagumula ng'anjo yonse. Wosula amasankhamo zidutswa zabwino, naziotcha, nazipinda, nazimenya, mobwerezabwereza. Akapinda ka 15, citsulo cimakhala ndi mizere yopitirira 30,000. Potsiriza amamata lupanga ndi dothi, locindikala kumsana ndi lopyapyala kukamwa, naliotcha, nalibviika m'madzi. Kukamwa kumazizira msanga ndi kulimba koposa, kumsana kumatsala kofewa kuti lupanga lisathyoke, ndipo hamon imabadwa pamalire a ziwirizo.

Cinanso cokopa anthu ndi tsuba, kambale kacitsulo kokhala pakati pa lupanga ndi cigwiriro kuti kachinjirize dzanja. Nkakang'ono kokwana pacikhato, koma amisiri anali kuzokotapo mbalame, nsungwi, mafunde ndi tombolombo, ena nkuikamo golide. Boma la Japan litaletsa kuyenda ndi malupanga mu 1876, amisiri ambiri anasowa nchito, ndipo tsuba zambiri zinagulidwa ndi alendo nkuwoloka nyanja.

Dziko la Zambia linakomana nao malupanga amenewa pa nkhondo. Mu 1944 asilikari a Northern Rhodesia Regiment, pamodzi ndi anzao a ku Nyasaland ndi maiko ena a kum'mawa kwa Africa, anamenyana ndi Ajapani ku Burma, dziko limene lero lichedwa Myanmar. Anadutsa cigwa ca Kabaw m'kati mwa dzinja, m'matope ndi malungo, kufikira ku mtsinje wa Chindwin. Ncifukwa cake ku Kabwe kuli kampu ya Chindwin, ku Ndola ya Kalewa, ndipo ku Lusaka kuli ya Arakan ndi mseu wa Burma. Akuluakulu a asilikari a Japan anali kubvala malupanga m'cuuno, ambiri opangidwa m'fakitale, koma ena anali a makolo, ongowasinthira cigwiriro ndi cimake.

Japan itagonja mu 1945, ogonjetsa analamula kuti malupanga onse aperekedwe. Miyandamiyanda inasungunulidwa, ina inaponyedwa m'nyanja, ina asilikari a ku America anapita nayo kwao. Abwino ndi acabecabe anaunjikidwa mulu umodzi, monga zicitikira pa sikelo ya zitsulo zakutha. Anthu owerengeka anadandaulira olamulira kuti asiyanitse cida ca nkhondo ndi nchito ya luso, ndipo mu 1948 anakhazikitsa bungwe losunga malupanga, limene likuyang'anira nyumba ya ku Sumida ija. Lero wofuna kusula lupanga ayenera kuphunzira kwa mmisiri zaka zisanu ndi kulandira cilolezo ca boma.

Luso la ng'anjo silacilendo kuno. Pa Kapwirimbwe, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, ofukula zakale anapeza zotsalira zambiri za ng'anjo za anthu amene anali kusungunula citsulo zaka 1,500 zapitazo, Masamune asanabadwe ndi zaka mazana ambiri. Pa Ing'ombe Ilede, kufupi ndi pamene Lusitu athira mu Zambezi, anchito okumba pa citunda mu 1960 anaturukira manda momwe munali mikanda ya golide, mitanda ya mkuwa, makasu, mabelu acitsulo, nyundo, mbaniro ndi zida zokokera waya. Mpwitikizi Gamitto, podutsa m'dziko la Amaravi mu 1831, analemba za ng'anjo zao, ndipo khasu la Acewa linali kuyenda ngati ndalama, logulira mcere ndi nsalu. Ng'anjo inali kumangidwa kuthengo, kutali ndi mudzi. Akazi sanali kuyandikirako, ndipo osungunula anali kudzisunga kufikira nchito itatha. Codabwitsa ncakuti mwambo woletsa akazi unaliponso pa tatara ya ku Japan.

Kusiyana kuli pamodzi. Wosula wa ku Japan anali kulemba dzina lake pa mcira wa lupanga, umene umalowa m'cigwiriro. Wosula wa kuno sanalembe kanthu, cotero dzina lake limakhala m'kamwa mwa adzukulu ake okha. Nkhwangwa ikacoka m'banja nkukwera lole, mbiri yake yathera pomwepo. Makasu a m'sitolo atacuruka, ng'anjo zinazima, ndipo amene atsala pa mvukuto lero amasula masipuling'i a magalimoto.

Wa ku Shimabala wofuna kuona zotere safunika kuwoloka nyanja. Lusaka National Museum, pa mseu wa Independence, inatsegulidwa mu 1996, ndipo pa nyumba ya pamwamba pali zofukulidwa pansi ndi zipangizo za m'midzi ya kale. Za ku Ing'ombe Ilede zinatengeredwa ku Livingstone Museum, imene inayamba mu 1934. Kuyang'ana khasu lakale kufunika diso lofatsa lonija la ku Tokyo: kuona mapazi a nyundo, msana umene wosula anausiya pakati kuti khasu lisapindike, ndi mbali imene inadyeka kaamba ka dzanja la mwini wake.

Lamulo la mu 1989, limene linakhazikitsa National Heritage Conservation Commission, limachinjiriza zinthu zopangidwa caka ca 1924 cisanafike. Amene afukula zotere polima, poumba njerwa kapena pokumba citsime ayenera kuleka kukumba ndi kudziwitsa bungwelo, ndipo kuziturutsa kunja kwa dziko popanda cilolezo ndi mlandu. Njira yapafupi ndiyo kuuza a mfumu kapena aphunzitsi akulu a pa sukulu kuti afikitse mau.

Mkondo kapena nkhwangwa ya m'banja ingathe kukhalabe pakhomo. Iikidwe pouma, kutali ndi matumba a feteleza ndi mcere, ndipo mwana wa sukulu alembe papepala dzina la amene anaisula, mudzi wake ndi amene anaigwirapo. Isanoledwe, ndiponso isakwecedwe ndi mcenga kapena phulusa kuti iwale. Ngakhale ku Japan, kumene wopukuta amatha masabata awiri pa lupanga limodzi, dzimbiri lakuda la kumcira salikhudza konse, popeza ndilo limene akatswiri amawerengera zaka.