Mwamuna kapena mkazi akamwalira: thandizo limachokera kuti m'boma la Lago ku Mozambique?

Maliro akatha, achibale a ku Cóbuè ndi ku Lichinga akabwerera kwawo, wamasiye amatsala ndi ana komanso ngongole ya bokosi. Ku Mozambique kulibe ndalama ya boma imene munthu amalandira chifukwa cha umasiye wokha. Thandizo limatsata ntchito imene malemu ankagwira ndiponso mapepala amene banja lili nawo.

Ngati malemu anali pa ntchito yolembedwa

Wogwira ntchito pa kampani amasonkha ku bungwe la INSS mwezi uliwonse: iye amadulidwa 3 pa 100 ya malipiro ake, bwana wake amaonjezapo 4. Akamwalira, banja lingapemphe zinthu zitatu: ndalama ya maliro, ndalama yoperekedwa kamodzi, ndi penshoni ya mwezi ndi mwezi imene wamasiye amagawana ndi ana aang'ono. Penshoniyo imadalira nthawi imene malemu anasonkha. Aphunzitsi, anamwino ndi ena ogwira ntchito m'boma ali ndi khomo lawolawo, bungwe la INPS.

Nanga msodzi kapena mlimi?

Mabanja ambiri a m'mphepete mwa nyanja amadalira usipa ndi chinangwa, ndipo sanasonkhepo. Lamulo limalola munthu wodzigwirira yekha ntchito kulembetsa ku INSS n'kumalipira 7 pa 100 yense, koma zimenezi zimachitika munthu ali moyo. Kwa osalembetsa, khomo lotsala ndi bungwe la INAS, limene limapereka ndalama ya PSSB kwa osauka amene sangathe kugwira ntchito, monga okalamba, olumala ndi odwala matenda okhalitsa. Mu 2018 ndalamayi inaikidwa pa meticais 540 pamwezi kwa munthu wokhala yekha, ndipo imakwera banja likakula.

Ndi ukwati uti umene lamulo limauzindikira?

Lamulo la banja la 2019 limavomereza ukwati wa kuboma, wa kutchalitchi ndi wa mwambo, bola ulembetsedwe ku Registo Civil. Choncho amene anadalitsa ukwati kutchalitchi, monga ku Messumba, afunse ngati unalowadi m'kaundula wa boma. Amene akhala limodzi ngati banja zaka zoposa 3 nawonso amazindikiridwa, ngakhale pamafunika umboni.

Bwato, ukonde ndi munda

Kwa mkazi wa msodzi, penshoni yeniyeni ndi bwato lili pamchenga, chilimira, nyale ndi thandala loyanikapo usipa. Lamulo la chuma chamasiye la 2019 linaika wamasiye pamzere woyamba wa olandira, pamodzi ndi ana. Abale a malemu alibe mphamvu yonyamula injini kapena malata tsiku losudzula. Nkhani ikakanika kwa ankhoswe ndi amfumu, bungwe la IPAJ limathandiza osauka pa milandu kwaulere.

Mapepala oyenera kusunga

Choyamba ndi kulembetsa imfa ku Registo Civil ya ku Metangula, chifukwa popanda chikalata cha imfa palibe ofesi imene ingayambe ntchito. Sunganinso chiphaso chanu ndi cha malemu, chikalata cha ukwati, zikalata zobadwira ana ndi nambala ya INSS. Zambiri mwa izi zimapezeka mosavuta nonse awiri mukadali moyo. Zikulungeni m'pepala la pulasitiki, ndipo mnzanuyo adziwe pamene mwaziika.