Kukodzakodza kwa ana: pollakiuria si polyuria

Anzanga amene mukuphunzira za impso mu Biology, lero ndikufuna tisiyanitse mawu awiri omveka mofanana: pollakiuria ndi polyuria. Kunyumba timangoti "mwanayu akukodzakodza", koma kwa dokotala awa ndi mavuto awiri, ndipo limodzi likhoza kupha.

Pollakiuria ndi mawu ochokera ku Chigiriki: pollakis ndiye kuti kawirikawiri, ouron ndi mkodzo. Mwana wamsinkhu wa sukulu amakodza ka 4 mpaka ka 7 patsiku. Wa pollakiuria amatha kuthamangira kuchimbudzi mphindi 10 zilizonse, koma n'kungotulutsa timadontho. Vutoli limakonda ana a zaka 4 mpaka 6. Limachitika masana okhaokha, mwana samva kuwawa, ndipo usiku amagona bwinobwino. Kawirikawiri limayamba ndi nkhawa, monga kuyamba sukulu kapena maliro pakhomo, ndipo limatha lokha pakapita masabata kapena miyezi. Kumukalipira n'kungomuwonjezera nkhawayo.

Polyuria ndi ina. Poly ndiye kuti zambiri: mkodzo weniweniwo ndi umene wachuluka, kwa wamkulu kupitirira malita 3 pa maola 24. Mwa ana, choyamba kuganizira ndi matenda a shuga. Shuga akakwera kwambiri m'magazi, impso zimalephera kumubweza yense, ndiye amatulukira mumkodzo akukoka madzi. Ndi osmosis ija ya m'kalasi. Mwanayo amamva ludzu losatha, amawonda, amadzuka usiku kukakodza, zomwe amazitcha nocturia, mwinanso n'kuyambiranso kukodza pamphasa. Pamene wakodza pamatha kuunjikana nyerere. Ameneyu apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Mungasiyanitse bwanji? Pali kasamu kophweka: wonjezani 1 pa zaka za mwana, muchulukitse ndi 30. Yankho lake ndi mamililita amene chikhodzodzo chake chimasunga. Wa zaka 5 ndi mamililita 180, kuposa pang'ono theka la botolo la Fanta la mamililita 300. Ngati ulendo uliwonse akudzaza chonchi, ndi polyuria. Ngati ndi timadontho, ndi pollakiuria.

Kuno ku Chitipa tikumbukirenso kuzizira. Mu June ndi July, makamaka kumapiri a Misuku, thukuta limachepa ndipo mitsempha ya pakhungu imafinyika, choncho impso zimachotsa madzi ambiri. Amenewo si matenda. Koma kuwawa pokodza, komwe dzina lake ndi dysuria, kumasonyeza kuti mwina mabakiteriya alowa m'chikhodzodzo. Magazi mumkodzo ndi haematuria. Akamabwera kumapeto kwa kukodza mwa mwana wokonda kusambira m'madzi a nkhono, tiganizire likodzo, lomwe mankhwala ake ndi praziquantel.

Mng'ono wanu akayamba kukodzakodza, lembani kwa tsiku limodzi kuti wapita kangati, watulutsa wochuluka bwanji, ndipo wamwa madzi ochuluka bwanji. Apatseni makolo pepalalo apite nalo kuchipatala cha boma cha Chitipa kapena cha pafupi ndi kwanu, akamupime mkodzo ndi shuga.