Munthu "obliging" sakakamizidwa ndi aliyense

Ntchito yanga ndi yolemba matanthauzo a mawu. Ambiri amaganiza kuti ife timangokhala pansi n'kugamula kuti mawu akuti azitanthauza zakuti. Chomwe timachita ndi kusonkhanitsa ziganizo zimene anthu alankhula ndi kulemba, n'kuona momwe mawuwo akugwirira ntchito. Mawu a Chingerezi akuti "obliging" ndi chitsanzo chabwino.

Mawuwa amanena za munthu wosavuta kumupempha thandizo. Ganizani za kalaliki amene nthawi yoweruka yamukwanira, koma amatsegulanso kabati kuti akufunireni fayilo, nkhope ili yowala. Mngerezi akati "an obliging neighbour", akunena mnansi amene amakubwerekani makwerero mosanyinyirika, mwinanso n'kubwera kudzakugwirirani pokwera.

Ophunzira amasokonezeka chifukwa mawuwa ndi apachibale ndi "oblige" komanso "obligation", omwe amanena za udindo wosathawika. Onsewa anachokera ku mawu a Chilatini akuti "obligare", kutanthauza kumanga. Analowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa, chomwe chinazika mizu ku England anthu a ku Normandy atagonjetsa dzikolo mu 1066. Munthu akati "I am obliged to pay", ndiye kuti lamulo lamumanga. Akati "much obliged", akuthokoza: mwandichitira zabwino, ndili nanu ngongole. Abale athu a ku Tete amamva zomwezi tsiku lililonse, pakuti "obrigado" wa Chipwitikizi ndi wa muzu womwewo. Choncho munthu "obliging" ndi amene amamanga anzake ndi kukoma mtima kwake, mwini wakeyo akuthandiza mwa kufuna kwake.

Kusiyana kumeneku sitingakupeze pongoyang'ana muzu. Kumaoneka m'ziganizo. N'chifukwa chake James Murray atakhala mkonzi wa Oxford English Dictionary mu 1879, anapempha anthu wamba kuti aziwerenga mabuku n'kumutumizira ziganizo pa timapepala, chilichonse ndi dzina la buku ndi chaka chake. Anthu ochuluka anavomera popanda malipiro, timapepala tinafika mamiliyoni, ndipo bukulo linamalizidwa mu 1928. Lero ziganizo timazifufuza pa kompyuta, koma njira ndi yomweyo.

Ziganizo zimatiphunzitsanso pomwe mawu amakhala bwino. "Obliging" ndi mawu aulemu, omveka achikulire, oyenera m'kalata yoyamikira wantchito wa m'sitolo, wa ku hotela kapena wolandira alendo. Koma mukalemba kuti munthu ndi "too obliging", mwanena kuti sadziwa kukana ndipo anzake amamudyera masuku pamutu. Ngati mukulembera umboni mnyamata wofuna ntchito ya ukapitawo, wonjezerani mawu osonyeza kuti amathanso kuima nji pa chilungamo, chifukwa wolemba ntchito adzafuna kudziwa zonse ziwiri.